Piyano, bezi ndi ng'oma: zimene zinachitika ku Village Vanguard pa 25 June 1961

Mukayika chimbale cha Bill Evans chotchedwa Waltz for Debby, n'kuvala mahedifoni usiku anthu onse atagona, mumva zinthu zimene sizinali m'gulu la nyimbo. Matambula akugundana. Wina akuyankhula chapansipansi pa tebulo lake, wina akuseka. Nyimbo ikatha, m'manja mumawombedwa mwapatalipatali, moti mukhoza kuganiza kuti mungawerenge anthuwo. Ambiri mwa iwo anabwera kudzamwa ndi kucheza, sankadziwa kuti zimene zinkachitika pamaso pawo anthu adzakhala akuzimvetsera patatha zaka zoposa 60.

Tsikulo linali Lamulungu, pa 25 June 1961. Malo ake ndi Village Vanguard, kalabu ya jazz ya m'chipinda cha pansi pa nyumba mu msewu wa Seventh Avenue South ku New York, imene Max Gordon anatsegula mu 1935. Ndi kachipinda kakang'ono, kokhala anthu ongopitirira pang'ono 120, kotakata mbali imodzi n'kumapanikizika mbali inayo, ndipo oyimba amakhala kopanikizikako. Evans anali pa piyano, Scott LaFaro pa bezi yaikulu yoyimirira ija, Paul Motian pa ng'oma. Linali tsiku lomaliza la masabata awiri amene anawalemba ntchito pamalopo. Orrin Keepnews wa kampani yotulutsa zimbale ya Riverside anabwera ndi wojambula mawu dzina lake Dave Jones, ndipo anajambula zigawo zonse zisanu, ziwiri masana, zitatu usiku. M'matepi a tsiku limodzi limenelo munatuluka zimbale ziwiri: Sunday at the Village Vanguard chakumapeto kwa 1961, ndi Waltz for Debby chaka chotsatira. Ine ndimazitenga ngati chimbale chimodzi chogawidwa pakati.

Kwathu kuno mawu akuti jazz tinawazolowera mwanjira yathu. Tikamva Chimvu Jazz ya Alan Namoko, kapena kwela ya Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, timaganiza za banjo, gitala, chitoliro ndi babatoni. Jazz ya ku New York ndi ina, koma amene anaonapo munthu akukoka chingwe cha babatoni akudziwa kale ntchito imene bezi imagwira m'gulu: kuponda pansi kuti ena onse aziyenda pamwamba pake mosagwa. Sungani chithunzi chimenecho, chifukwa nkhani yonse ya chimbalechi yagona pa bezi imene inakana kungoponda pansi.

Gulu la anthu atatu lotsogozedwa ndi piyano silinayambe ndi Evans. Nat King Cole anali nalo kuyambira 1937, koma lake linali la piyano, gitala ndi bezi, lopanda ng'oma. Art Tatum anachitanso chimodzimodzi m'ma 1940. Ng'oma zinadzalanda malo a gitala pang'onopang'ono. Wa piyano Bud Powell anajambula ndi wa ng'oma Max Roach mu 1947, ndipo Oscar Peterson, gitala wake Herb Ellis atachoka mu 1958, m'malo mwake anadzatenga woyimba ng'oma, Ed Thigpen. M'magulu onsewa ntchito inali yogawidwa bwino ngati kumunda. Wa piyano ndiye mwini nkhani. Wa bezi amayenda, liwu limodzi pa kugunda kulikonse, 1, 2, 3, 4, osaphonya, ndipo oyimba okha amati bezi yoyenda. Wa ng'oma amasunga nthawi pa mbale yachitsulo ija yotchedwa cymbal. Mwini nkhani akatopa amapatsako ena mpata pang'ono, kenako n'kulandanso. Dongosolo limeneli si loipa ayi. Ray Brown akamayenda pa bezi kumbuyo kwa Peterson, phazi lanu limayamba lokha kugunda pansi.

Evans ankafuna china. Iye anabadwa mu 1929 ku Plainfield, New Jersey, anaphunzira nyimbo za ku Ulaya ku koleji ku Louisiana, ndipo ankakonda opeka nyimbo a ku France, Debussy ndi Ravel, monga momwe ankakondera Bud Powell. Mu 1958 anakhala miyezi ingapo m'gulu la woliza lipenga Miles Davis, ali mzungu yekhayo pakati pa anthu akuda, ndipo omvera ena sanamulandire bwino. Anachoka, koma Miles anamuyitananso mu 1959 kudzajambula chimbale cha Kind of Blue. Miles anadzanena m'buku la mbiri ya moyo wake kuti kalizidwe ka Evans kanali ngati madzi oyera akutsika pa mathithi. Mu 1959 momwemo Evans anapeza LaFaro ndi Motian, ndipo anafotokoza poyera chimene ankalakalaka: kuti atatuwo azipeka nthawi imodzi, osati wina apeke, amalize, kenako mnzake. Funso lake linali losavuta. Ngati wa bezi wamva ganizo limene akufuna kuliyankha, bwanji azingopitiriza kuwerenga 1, 2, 3, 4 kumbuyo?

Kunena n'kosavuta, koma taganizani zimene zimachitika. Pa bwalo la milandu anthu atatu akayankhula nthawi imodzi, nyakwawa imawaletsa. Kuti zitheke popanda phokoso, aliyense ayenera kumva anzake awiri kwinaku iye akuyankhula, adziwe poti alowe, adziwenso poti akhale chete. Ndipo nthawi ya nyimbo, imene kale inali m'manja mwa bezi ndi cymbal, tsopano iyenera kukhala m'mitu mwa onse atatu. Palibe amene akuigunda poyera, koma ilipo, sikusuntha. Mukamvetsera Solar, imodzi mwa nyimbo za tsikulo, yesani kugunda phazi kuyambira pachiyambi osasiya. Padzafika pena pamene mudzaona ngati aliyense wasochera, piyano ili uko, bezi ili uko. Pitirizani kugunda. Mudzawapeza onse atatu akutera pa phazi lanu nthawi imodzi, ngati anthu amene anasiyana pa mphambano n'kukakumana pa chitsime osapangana.

Chinsinsi china chili m'dzanja lamanzere la Evans, ndipo aliyense amene anayimbapo kwaya achimva msanga. Mu kwaya, sopulano akatenga nyimbo, aluto ndi tenala amadzaza pakati, bezi n'kukhala pa tsinde, kawirikawiri pa do. Oyimba piyano akale ankachita zonsezi okha, tsinde lomwe, moti wa bezi ankangobwereza zimene dzanja lamanzere lanena kale. Evans nthawi zambiri ankasiya tsindelo. Ankayimba mi, ti, re ndi maliwu ena okometsera, atawaunjika pafupipafupi chapakati pa piyano, do n'kumusiya osamukhudza. Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba, maliwuwo amamveka ngati akuyandama, osatera, n'chifukwa chake anthu ambiri akamva Evans koyamba amati nyimbo zake ndi zachisoni kapena za maloto. Chachiwiri, pansi ponse patsala pambalambanda. Wa bezi akafuna aponde pa do, akafuna achedwe, akafuna akwere mmwamba kukayimba kanyimbo kakekake. Evans sanali yekha amene ankayesa njira imeneyi, Red Garland ndi Ahmad Jamal anali ataiyamba kale mwanjira zawo, koma iye ndiye anaifikitsa poti ophunzira piyano ya jazz mpaka lero amaiphunzira m'dzina lake.

Malo opanda munthu amafuna wowalowa, ndipo LaFaro anali wokonzeka. Anali mnyamata wa zaka 25, wokulira ku Geneva m'chigawo cha New York. Anayamba ndi clarinet ndi saxophone, bezi anaigwira atatsala pang'ono kumaliza sekondale, ndipo mwina n'chifukwa chake ankailiza ngati chida chowuzira. Zingwe zake anazitsitsa pafupi ndi thabwa kuti zala zizithamanga, ndipo ankakodola ndi zala ziwiri mosinthanasinthana. Ankakwera mpaka kumtunda kwenikweni kumene oyimba bezi ambiri a nthawi imeneyo sankafikako kawirikawiri. Pa chimbalechi mumamva zingwe zikumenya thabwa, kakaka, pamene wakoka mwamphamvu. Bezi yakeyo inali nkhalamba, yopangidwa ndi Abraham Prescott cha m'ma 1825. Panali ena amene anamutsogolera, makamaka Jimmy Blanton wa m'gulu la Duke Ellington, amene anasonyeza cha m'ma 1940 kuti bezi ikhoza kuyimba nyimbo payokha, koma Blanton akamaliza gawo lake ankabwerera kukayenda. LaFaro samadikira gawo lake. Evans akangonena chiganizo, iye wayankha kale, nthawi zina asanamalize n'komwe.

Apa ndi pamene anthu amasiyana maganizo, ndipo ndi bwino kunena chilungamo. Alipo okonda jazz amene amati bezi ya LaFaro ndi yolongolola, kuti inachotsa kugunda kumene kumavinitsa, ndipo kuti nyimbo za gululi zinatalikira ku blues, komwe kuli mizu ya jazz pakati pa anthu akuda a ku America. Mfundoyo ili ndi mutu. Mukafuna chimbale choti thupi ligwedezeke, tengani At the Pershing cha Ahmad Jamal cha 1958, mumve Israel Crosby ndi Vernel Fournier pa Poinciana. Ndipo oyimba bezi ambiri amene anatsanzira LaFaro anatola liwiro lokha, khutu n'kulisiya, mapeto ake kunali kusokosa. Koma LaFaro mwini wake, mukamumvetsera bwino, amadziwa kukhala chete. Pa My Foolish Heart amayika liwu limodzi lalitali, n'kulisiya lilire mpaka lizime lokha, kenako lina. Pamenepo palibe kudzionetsera.

My Foolish Heart ndi imene ndimayamba nayo ndikafuna kumvetsa munthu chimbalechi. Ndi nyimbo ya Victor Young ya mu 1949, ya chikondi wamba, yoti oyimba ambiri anaiyimba mpaka kuitopetsa. Evans amaiyenda pang'onopang'ono kwambiri, moti pakati pa liwu ndi liwu mumakhala mpata woti munthu apume. Pa liwiro lotere n'kosavuta kuti nyimbo igwe. Chimene chimaigwira ndi Motian. Iye sakugwiritsa ntchito timitengo koma mabulashi, timitolo ta waya woonda tooneka ngati katsache. Bulashi imodzi ikuzungulira pa chikopa cha ng'oma, shiii, ngati munthu akusesa bwalo m'mamawa osafuna kudzutsa ana, ina ikukhudza cymbal mwa apo ndi apo. Mukachotsa kusesako m'maganizo mwanu, mupeza kuti piyano ikanalendewera m'malere. Motian, mwana wa makolo a mtundu wa ku Armenia wokulira mu mzinda wa Providence ku America, ndiye amene satchulidwa kwambiri pa atatuwa, komatu kudziletsa kwake ndi kumene kunapangitsa zonse kutheka. Wa ng'oma wina wamphamvu akanaikwirira bezi ija, poti inalibe chokuzira mawu chilichonse.

Mfundo imeneyi ya kusowa chokuzira mawu ndi yofunika kuposa momwe imaonekera. Zida zonse zitatu ndi za thabwa, chingwe, chikopa ndi chitsulo. Kukweza kapena kutsitsa mawu kuli m'zala za munthu, osati pa batani. Piyano ikalira mofewa, onse ayenera kutsika nayo, apo ayi sizimveka. M'chipinda chaching'ono ngati cha Vanguard, oyimba amamvana ndi makutu awo enieni, atayandikana moti wa bezi akhoza kutambasula dzanja n'kukhudza piyano. Magetsi anali a makina ojambulira, ndipo tsikulo anawachitadi chipongwe: nyimbo yoyamba yeniyeni ya masana, Gloria's Step, magetsi anathima pakati, tepi n'kudukiza. Anaiyimbanso pambuyo pake, ndipo yodukizayo inadzatuluka patapita zaka zambiri pamene kampani inatulutsa zonse za tsikulo pamodzi.

Gloria's Step anapeka ndi LaFaro, polemekeza chibwenzi chake chimene chinali chovina. Ili ndi kachinthu kamene khutu limamva ngakhale munthu asakudziwa kuwerenga nyimbo. Nyimbo zambiri za ku America zimayenda m'magawo a 4 kapena 8, ndipo thupi linazolowera kudikira pamenepo. Iyi imayamba ndi magawo a 5. Mumayembekezera kuti chiganizo chatha, koma chimaponda sitepe ina imodzi. Atatuwo amayenda pamenepo momasuka ngati kuti ndi njira ya kumunda kwawo.

Nyimbo zina pa zimbalezi n'zobwereka, ndipo umu ndi momwe jazz imachitira. Alice in Wonderland inachokera mu kanema wa ana wa Disney wa 1951. All of You ndi ya Cole Porter. Some Other Time ndi ya Leonard Bernstein. Omvera a mu 1961 ankazidziwa nyimbozi monga momwe ife timadziwira nyimbo za m'buku la kutchalitchi, ndipo kukoma kunali kuona zimene oyimba achite nazo. Amayamba ndi nyimbo yodziwika, kenako amasiya mawu ake a pamwamba n'kutsala ndi mafupa ake, ndiye kuti mndandanda wa machord, ndipo pa mafupa amenewo amapeka zatsopano, kuzungulira kangapo, mpaka kubwerera pomwe anayambira. Amene akumva jazz koyamba amadandaula kuti nyimbo yasowa pakati. Siinasowe. Muziiyimba chamumtima pamene iwo akupeka, mudzaona kuti zonse zimene akuchita zikukwanira pamwamba pake.

Waltz for Debby ndi ya Evans mwini, anapekera mwana wamkazi wa mkulu wake Harry. Anaijambula koyamba mu 1956 ali yekha pa piyano, kanyimbo kongopitirira mphindi imodzi. Ku Vanguard imayamba mowerenga 1, 2, 3, piyano ndi bezi zikuyenda limodzi ngati munthu wamkulu wagwira dzanja la mwana. Kenako, mosachita kulengeza, imasintha n'kuyamba kuwerenga 4, Motian n'kulowa ndi mabulashi, ndipo nyimbo ija imene inali yosisita imayamba kudumpha. Amene amati gululi silinkatha kuvinitsa amvetsere pamenepa. Ndimakonda kumvetsera dzanja lamanja la Evans pa gawo limeneli, momwe amatengera kachidutswa ka maliwu atatu kapena anayi n'kukabwereza, ulendo uliwonse akukayambira pamalo ena, mpaka kugunda kwa nyimbo ndi kachidutswako zikukokana. Pa zithunzi za nthawi imeneyo amaoneka atawerama, mutu utatsala pang'ono kukhudza makiyi, magalasi ali pamphuno. Sankayang'ana omvera. Ankamvetsera.

Atatuwa anali atajambula kale zimbale ziwiri mu situdiyo, Portrait in Jazz mu December 1959 ndi Explorations mu February 1961, ndipo zonse ndi zabwino. Koma mukaziyerekeza ndi za ku Vanguard mumamva kusiyana. Mu situdiyo ganizo lija la kupeka pamodzi likuyesedwa, pena likugwira, pena akubwerera ku dongosolo lakale. Ku Vanguard, atayimba limodzi kwa masabata awiri, salinso kuliganizira. Lalowa m'magazi.

Patangotha masiku 11, pa 6 July 1961, LaFaro anamwalira pa ngozi ya galimoto usiku, pafupi ndi kwawo ku Geneva. Masiku ochepa m'mbuyomo anali atayimba ndi wa saxophone Stan Getz ku chikondwerero cha jazz cha ku Newport. Bezi ija inali m'galimotomo ndipo inawonongeka kwambiri, inadzakonzedwa m'ma 1980. Evans anasweka mtima, anakhala miyezi osayimba pagulu. Posankha nyimbo za chimbale choyamba, anasankha zimene bezi ikumveka kwambiri, dzina la LaFaro linalembedwa pachikuto, ndipo chimbalecho chimayamba ndi nyimbo ya LaFaro n'kutheranso pa nyimbo ya LaFaro. Yachiwiri pa chimbalecho ndi My Man's Gone Now ya George Gershwin, imene mu sewero la Porgy and Bess amayimba ndi mayi wamasiye polira mwamuna wake. Tsiku limene ankaiyimba palibe ankadziwa. N'zovuta kuimva lero osaganiza za imfayo, komabe ndimayesetsa kukumbukira kuti anthu atatu amene ali pa tepiyo sakulira maliro. Ndi anyamata amene zinthu zikuwayendera, ndipo m'nyimbo zothamanga chisangalalo chawo chimamveka.

Evans anadzapitiriza ndi oyimba bezi ena, Chuck Israels, kenako Eddie Gomez kwa zaka 11, ndipo pomaliza Marc Johnson, mpaka imfa yake mu September 1980 ali ndi zaka 51, thupi litafooka ndi mankhwala osokoneza bongo amene analimbana nawo kwa nthawi yaitali. Motian anakhala mtsogoleri wa magulu ake, ndipo ankayimbabe ku Vanguard komweko mpaka chaka chimene anamwalira, 2011. Njira imene anatsegula inadutsamo ambiri. Keith Jarrett pa piyano, Gary Peacock pa bezi ndi Jack DeJohnette pa ng'oma anayamba kuyimba nyimbo zakale zomwezi mu 1983 n'kukhala limodzi zaka pafupifupi 30, ndipo Peacock ndi DeJohnette onse anayimbapo ndi Evans. Wa piyano wina, Brad Mehldau, anadzajambula zimbale zake m'chipinda chomwecho. Masiku ano mukaona piyano, bezi ndi ng'oma pa siteji, ku London kapena ku Cape Town, wa bezi akuyankha piyano momasuka, palibe amene amadabwa.

Nyimbo yomaliza usiku umenewo inali Jade Visions, ya LaFaro. Anaiyimba kawiri motsatizana. Ndi yaifupi, pafupifupi mphindi zinayi, ndipo imawerengedwa 9, zimene sizinali zachizolowezi. Mnyamata uja amene ankathamanga pa zingwe tsiku lonse, pa nyimbo yakeyake sathamanga. Amayamba yekha, kachidutswa kamodzi kotsika pansi, n'kumakabwereza ngati munthu wopalasa bwato pa nyanja yabata. Evans amayika maliwu ochepa pamwamba, Motian akungokhudza cymbal. Palibe amene akutenga gawo loti adzionetse. Bezi imapitiriza kachidutswa kake mpaka kumapeto, mawu n'kumachepa, ndipo liwu lomaliza likazima mumamvanso chipinda chija ndi anthu ochepa amene anatsala mpaka usiku umenewo akuwomba m'manja.